Usiku Umene Nyale Sizinayake pa Nyanja

Tinanyamuka Lachinayi m'mamawa, mayeso atangotha, tili 23 m'kabasi kodzaza matenti, mapoto, mbaula ziwiri ndi thumba la ufa. Ambiri mwa ife nyanja tinkangoidziwira pa mapu a m'kalasi. Tinkatha kunena pamtima kuti ndi yaitali makilomita oposa 500, kuti kumpoto ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndiponso kuti David Livingstone anafikako mu 1859. Koma odziwa kusambira analipo asanu okha.

Pa Kamuzu Road ku Salima tinaima kugula makala, tomato ndi mpunga wa ku Lifuwu, kenaka tinalowera njira ya ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Titangoona madzi kuseri kwa mitengo, basi yonse inabuka ndi nthungululu. Mtsikana wina wa ku Mchinji anafunsa mosaseka kuti, "Kodi tsidya linalo lili kuti?"

Malo amene anatipatsa anali aakulu, ndipo kumtunda kwake kunali mitengo ya mthunzi wabwino. Ife mitengoyo tinaikana. Tinati sitinabwere kudzaona mitengo, kwathu iliko. Tinakhoma matenti athu pa mchenga, mapazi khumi okha kuchokera pamene madzi ankalekezera, kuti m'mawa tikangotsegula zipi tiziona dzuwa likutuluka m'nyanja.

Tili mkati mokhoma zikhomo, panafika agogo ena amene ankasoka ukonde chapafupi. Anatilonjera, naima kanthawi akuyang'ana ntchito yathu.

"Ana inu, mwezi uno ndi wa mwera. Nyumba zanuzi bwanji osakwera nazo kumitengo uko?"

"Zikomo agogo, tamva," tinayankha manja ali pamodzi, monga tinaphunzitsidwira kwathu. Atapotoloka tinapitiriza kukhoma pomwepo. Nyanja inali phee ngati madzi a m'beseni, ndipo foni ya mmodzi wa ife inkaonetsa dzuwa masiku atatu onse.

Usiku woyamba sitidzauiwala. Mdima utagwa, nyale za asodzi a usipa zinayamba kuyaka kutali pamadzi, imodziimodzi, mpaka zinandandalika ngati mzinda umene wamera pa nyanja. Usipa umatsata kuwala, ndiye bwato la nyale limaukopa kuti usonkhane, anzake n'kuuzinga ndi chilimila. Tinakhala pamoto mpaka pakati pa usiku tikuwerenga nyalezo.

Lachisanu linatha ngati mphindi. Ena tinakwera phiri la Senga, komwe anyani anatilanda nthochi. Ena tinangokhala m'madzi olekeza m'chiuno, tikuyang'ana kachilumba ka Namalenje. Pa doko amayi ankayanika usipa pa thandala, ndipo mnyamata wogulitsa nsomba anaseka titakana kampango wake wonona chifukwa alibe mamba, n'kutisankhira chambo. Chakum'mwera anatilozera kumene kuli zilumba za Maleri, zomwe ndi mbali ya paki ya Lake Malawi imene inakhazikitsidwa mu 1980 poteteza nsomba za mbuna.

Madzulo, tikulandira Sabata, tinaona asodzi akukokera mabwato awo kumtunda kwenikweni, kupitirira ndi pamene panali matenti athu. Usiku umenewo pa nyanja sipanayake nyale ngakhale imodzi. Tinadandaula kuti atimana zoti tijambule. Palibe mmodzi wa ife anafunsa chifukwa chake.

Cha m'ma 3 koloko mbandakucha tinadzidzimuka ndi mkokomo. Tenti inkawomba ngati ikufuna kuuluka, ndipo mabulangete anali atanyowa kale. Titatuluka tinapeza kuti nyanja ija ya m'beseni yasanduka china. Mafunde ankabwera aataliatali, oyera pamwamba, kudzaswekera pa makomo athu. Tenti yosungiramo katundu inali itazuka, ikugubuduzika kulowera m'madzi. M'menemo munali chikwama cha ndalama zobwererera ndi mafoni anayi.

Msungichuma wathu, mnyamata wofatsa wa ku Mulanje, sanaganize kawiri. Ndalamazo tinasonkha kwa miyezi itatu, ndipo iye ndiye ankazilemba m'kope. Anaithamangira tentiyo. Tinamuona ndi tochi madzi ali m'mawondo, kenaka m'chifuwa, kenaka funde linamukwirira, ndipo pobwerera linamukoka. Iye sanali mmodzi wa asanu aja.

Zimene tinachita ife n'zochititsa manyazi kuzilemba, koma n'zoona: tinangokuwa. Amene tinaphunzira chithandizo choyamba tinaima chilili, miyendo ili njenjenje. Kukuwako ndiko kunadzutsa asodzi amene ankagona m'misasa yawo. Anyamata awiri anatulukira ndi chingwe cha ukonde. Wina anachimanga m'chiuno n'kudziponya m'mafunde, winayo anatiponyera nsonga yake n'kukalipa kuti, "Gwirani apa, nonse! Mukamva ndakuwa, kokani!" Tinakoka. Mnzathu anatuluka atamwa madzi ambiri, akutsokomola ndi kusanza, koma ali moyo. Chikwama chinapita.

Kutacha agogo aja anabwera, atafunda chikhoti. Tinayembekeza kuti atinena, ndipo tikanavomera. Iwo anangomugwira mnzathuyo paphewa.

"Mwana wanga, ndalama zimabwera. Nyanja ikatenga chinthu, usamailondole."

Kenaka anatithandiza kunyamula matenti onyowa kupita nawo kumitengo kuja.

Sabata limenelo tinakhala pansi pa mtengo tili duu, tikuyang'ana mafunde. Chimene chinkatiwawa sichinali chikwama ayi. Chinali chakuti chenjezo tinalandira kawiri, poyamba ndi pakamwa, kachiwiri ndi mabwato okokeredwa kumtunda, koma tinaliyesa laling'ono chifukwa cha amene analibweretsa. Akanakhala mphunzitsi wa pa koleji atavala taye, tikanasamutsa matenti nthawi yomweyo. Tinapereka ulemu wa manja ndi mawondo, ulemu wa makutu tinaumana. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mwera si chinsinsi. Ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imene imaomba nyengo yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo a zanyengo amachenjeza za iyo pa wailesi. Ngakhale gombe lenilenilo silikhala malo amodzi: mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'malo ambiri ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Kwa ife nyanja inali malo osewerera masiku atatu. Kwa anthu a pa doko paja ndi munda, ndi msewu, nthawi zina ndi manda a abale awo. Iwo amaiwerenga tsiku ndi tsiku monga ife tiwerengera mabuku.

Sitikulemba izi kuti anzathu aope kupita. Pitani ndithu, nyanjayi ndi yathu, si ya alendo akunja okha. Koma musananyamuke lembani mayina a odziwa kusambira, ndipo osadziwa asapitirire madzi a m'chiuno. Ndalama musaike m'chikwama chimodzi. Tengani maneti a udzudzu ndi chingwe chachitali. Pewani madzi odikha a m'mabango momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo mukabwerako kayezetseni kuchipatala pakapita milungu ingapo. Koposa zonse, musanakhome chikhomo choyamba, pitani pa doko mukapereke moni, mufunse pomanga, ndipo chimene akuuzeni muchite.

Tinabwerera Lamlungu ndi ndalama zimene makolo anatitumizira pa foni. Tisanakwere basi tinatenga ufa, shuga ndi mafuta zotsala kukasiya ku misasa ya asodzi. Anyamata awiri aja sitinawapeze. Mphepo inali itagwa, ndipo anali atapalasa kale kukaponya ukonde.