Kulira kwa Difu

Tinkabwerera kuchokera ku msonkhano wa chitsitsimutso pa pikapu ya mpingo, ana a kwaya 10 ali kumbuyo, pamene kulira kwa pansi pa galimotoyo kunatiopsa. Tikaponda moto kunkakula, tikaleka kunkachepa. M'mawa mwake makaniko anamasula chotsekera cha difu napisamo chala. Oilo woyenera kufika pakamwa pa bowolo anali ataphwa, ndipo pa maginito a chotsekera chapansi panamatirira tizitsulo: mano a magiya anali kudyana. Difuyo ikanagwira tili pa liwiro, mawilo akumbuyo akanaima mwadzidzidzi. Tinachita manyazi, pakuti phokosoli tinayamba kulimva kale, koma tinkangokweza nyimbo. Makolo anzathu, mwana akayamba kudandaula motsitsa m'nyumba mwathu, tiyeni tiime, timvetsere.