Atambala awiri m'khola limodzi

Loweruka, 5 Okutobala 2024

Ndayamba kulemba m'kope ili chifukwa lero ndachita manyazi pamaso pa ana. Chemwali anga ali ku Johannesburg, ndipo anyamata awo awiri ndikukhala nawo kuno ku Zomba. Wamkulu ali Fomu 1, wamng'ono Sitandade 6. Kompyuta m'nyumba muno ndi imodzi, choncho Loweruka lililonse ndimakhala woweruza milandu: uyu wadya nthawi ya mnzake, uyu wakana kuchoka pampando. Mayi awo atatopa ndi madandaulo a pafoni, anagulira wamng'ono akaunti yakeyake ya Minecraft, ine n'kulonjeza kuti azisewera onse nthawi imodzi, wina pa monita ndi kiyibodi, wina pa TV ndi controller. Ndinalonjeza ndisanayese n'komwe.

Kompyutayi ndinagula kwa munthu. Ili ndi Core i5 ya m'badwo wachinayi, RAM ya 8 GB, Windows 10, ndi graphics card ya GTX 750 Ti, imene inatuluka mu 2014 ndipo ili ndi memore yakeyake ya 2 GB. Gemu imodzi imayenda bwinobwino. Lero ndatsegula ziwiri, ndipo zimene ndaona sindingathe kuzifotokoza mwadongosolo. Ndikadina gemu ya pa monita, ya pa TV imathawa. TV imaphethira. Pansi pamaboowoka mabowo akuluakulu oti munthu n'kumaona thambo kunsi kwa nthaka. Mabuloko ena avala mtundu wa pepo ndi wakuda ngati bolodi la drafuti. Wamng'ono anangoti, "Amalume, mwaiwononga." Mumtima ndagamula kale: khadi lafa, ndipo wondigulitsa uja anandipusitsa.

Lamulungu, 6 Okutobala

Usiku wathawu ndinagula bandulo ya usiku n'kudawunilodi driver yatsopano ya khadi. Ndinachotsa yakale, ndinaika yatsopano, ndinasintha zinthu mwina khumi m'ma settings a gemu, zina zosadziwa n'komwe ntchito yake. M'mawa uno vuto lili pomwepo, ndipo choipa kwambiri n'chakuti sindikukumbuka zimene ndinasintha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Bandulo yapita, tulo tapita.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Dzulo ndinadandaulira mnzanga wokonza makompyuta kutauni. Ndinkayembekezera kuti anditchulira mtengo wa khadi lina. Iye anangofunsa kuti, "Achimwene, mukatsegula imodzi yokha zimateronso?" Ndinakhala chete. Masiku awiri onse ndinali ndisanayese zimenezo.

Anandiuza kuti ndisiye kunena kuti "zithunzi zawonongeka" ngati ndi matenda amodzi. Ndilembe chizindikiro chilichonse pachokha, ndichiyese ndi gemu imodzi, kenako ndi ziwiri. Chooneka ndi imodzi yokha, gwero lake lili mu gemuyo, mu driver kapena m'khadi. Chodikira kuti zikhale ziwiri, ndiye kuti magemuwo akulimbirana china chake.

Ndachita zimenezo madzulo ano. Mabuloko a pepo ndi akuda akuoneka ngakhale gemu ili yokha. Ndapeza kuti chithunzi chimenechi Minecraft imachionetsa dala ikafunafuna texture ya chinthu n'kuisowa. Wamkulu waulula kuti anaika resource pack yopangidwira Minecraft yakale, pamene ife tili pa 1.21. Titaichotsa, drafuti yonse yatha. Khadi linalibe mlandu.

Kuthawa kwa gemu kumafuna ziwiri. Ndinkadina F11 pa iliyonse kuti idzaze sikirini, osadziwa kuti gemu ya fullscreen ikaona kuti mwadina windo lina, imadzipinda n'kutsikira pa taskbar. Ndazichotsa zonse pa fullscreen, n'kungokulitsa mawindo ake. Panatsala kuti yosadinidwayo inkatsegula menyu yokha, koma kudina F3 ndi P pamodzi kwaletsa zimenezo. Mavuto awiri atha osalipira ngakhale kwacha imodzi.

Lachinayi, 10 Okutobala

Chinthu chinandizunguza mutu masiku awiriwa: ndikatsitsa ma settings a gemu ya pa TV, mawa lake ndimapeza abwerera, kapena asamukira ku gemu ya pa monita. Ndinayamba kukayikira ana. Chifukwa chake n'chakuti magemu onse awiri ankagwiritsa ntchito foda imodzi, ndipo ma settings onse amasungidwa m'kafayilo kamodzi, options.txt. Yolemba pomaliza ndiyo inkafufuta za inzake. Ndiye kuti zoyesa zanga zina za Lachiwiri ndinkayeza ndi sikelo yosakhazikika.

Ndaika Prism Launcher, imene imapatsa gemu iliyonse foda yake, ma mod ake ndi mlingo wake wa RAM. Iliyonse ndaipatsa 2 GB. Mod ya controller ndaiika ku ya pa TV yokha, n'kuilola kuti izimvera controller ngakhale windo lake lisanadinidwe. Ana ndawapepesa.

Loweruka, 12 Okutobala

Lero ndi tsiku limene ndamvetsadi kanthu, osati kungotsatira malangizo.

Mabowo a m'nthaka ndi kudodoma kwa zithunzi zimayamba pakapita mphindi ngati khumi, makamaka anyamatawa akalowera mbali zosiyana za dziko lawo. Ndinatsegula Task Manager, pa Performance, n'kusankha GPU. Pali mizere iwiri imene ndinali ndisanailabadirepo. Dedicated GPU memory ndi memore ya pa khadi penipeni, 2 GB ija. Shared GPU memory ndi gawo la RAM ya kompyuta limene Windows imabwereketsa khadi likadzaza, ndipo limafika theka la RAM yonse, kwa ine pafupifupi 4 GB.

Ndi gemu imodzi, mzere woyamba unali chapakati. Nditatsegula yachiwiri unakwera mpaka 1.9 GB n'kukakamira pomwepo, wachiwiri n'kuyamba kukwera. Nthawi yomweyo wamkulu anafuula kuti nthaka yaboowoka. Ndinaona ndi maso anga nambala ndi vuto zikuchitikira limodzi.

Kulakwitsa kwanga kunali kuganiza kuti popeza gemu ndi yomweyo, dziko ndi lomwelo, ndiye kuti khadi lisunga zonse kamodzi n'kumagawira awiriwo. Ayi ndithu. Gemu iliyonse imaika katundu wake payokha: ma texture ake, maonekedwe a nthaka imene wosewera wake akuona, ndi chithunzi cha sikirini yake. Zili ngati anthu awiri ophika ndiwo zofanana pa mbaula imodzi, koma aliyense ndi poto wake. Malo akatha, zotsala zimakakhala mu RAM, ndipo kukazitenga kumeneko n'kochedwa poyerekeza ndi memore ya pa khadi. Kuchedwako ndiko kudodoma kumene tinkaona.

Ndiye ndinafunika kuchepetsa katundu. Dziko la Minecraft linagawidwa m'zigawo zotchedwa chunk, chilichonse mabuloko 16 mulitali ndi 16 mulifupi. Render Distance imanena kuti muone ma chunk angati kuchokera pamene mwaima. Yathu inali pa 12. Ndinawerengera papepala: 12 kutsogolo, 12 kumbuyo, kuphatikiza imene mwaimapo, ndi 25. Kuchulukitsa 25 ndi 25 kukupereka 625. Pa 8 ndi 17 kuchulukitsa 17, kutanthauza 289. Kutsitsa nambala ndi 4 yokha kukuchotsa katundu woposa theka. Sindinkayembekezera zimenezo.

Panalinso resource pack ina imene wamkulu anabwezeretsa mwakachetechete, yoyenerana ndi 1.21 koma ya 128x. Ma texture a Minecraft enieni ndi timadontho 16 kwa 16 pa nkhope ya buloko. A 128 kwa 128 ndi ochuluka ka 64. Anakana kuti, "Koma amalume, imakongola." Ndinamuonetsa mzere wa Task Manager, iye akuyatsa ndi kuzimitsa yekha. Anaichotsa osadandaulanso.

Tsopano zonse ziwiri zili pa Render Distance 8, Graphics pa Fast, ndipo mzere uja sukudutsa 1.5 GB. Bowo likaoneka mwa apo ndi apo, F3 ndi A zimachititsa gemu kujambulanso ma chunk onse.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kwatsala kuphethira kwa TV. Ndinagwada kuseri kwa kompyuta ndi tochi ya foni, n'kupeza chinthu chochititsa manyazi. Khadi lili ndi polowetsa HDMI pamodzi pokha, ndipo ndinalumikizapo monita. Kebulo ya TV ndinaisomeka pa HDMI ina ya pamwamba, imene ndi ya motherboard. Imeneyo siichokera ku GTX, imachokera ku Intel HD Graphics ya mkati mwa purosesa. Masiku onsewa sikirini ziwirizi zinkatumikiridwa ndi zida ziwiri zosiyana, zithunzi n'kumadutsa njira yozungulira zisanafike pa TV.

Mnzanga uja anandibwereka kebulo ya DVI. Monita yapita pa DVI ya khadi, TV pa HDMI ya khadi. Kuphethira kwatha. Koma pa monita panayamba kuthwanima timadontho tobiriwira, makamaka m'malo amdima, ndipo mtima unabwerera kwa wondigulitsa uja. Nditaimba foni, mnzangayo anati, "Jambulani screenshot, mukaione pa TV." Mu Minecraft ndi F2. Chithunzicho chinatuluka choyera, chopanda kadontho n'kamodzi komwe. Ndiye kuti khadi linajambula bwino, ndipo zinaonongekera panjira yopita ku monita. Ndinali ndisanamange timaskulu tiwiri ta pulagi ya DVI. Nditamanga, timadontho tinazimiririka.

Njira imeneyi ndailemba ndi zilembo zazikulu kuchikuto kwa kope: chooneka mu screenshot chachokera mkati mwa kompyuta, chosaoneka ndi cha kebulo kapena sikirini.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Holide ya Tsiku la Anakubala. Anyamata aimbira mayi awo m'mawa n'kuwaonetsa pa vidiyo kuti akusewera limodzi. Ndinayamba kudzitama msanga.

Cha m'ma 2 koloko masana, dzuwa la Okutobala lili pamutu, malata akulira, sikirini zonse ziwiri zinada kwa kanthawi. Zitabwerera, gemu imodzi inali itatsekeka. Mu Event Viewer ndinapeza uthenga wa nambala 4101 wonena kuti driver ya zithunzi inasiya kuyankha ndipo yadzutsidwanso. Ndawerenga kuti Windows imadikira khadi masekondi 2, ndipo likapanda kuyankha imayambitsanso driver m'malo mosiya kompyuta yonse itauma. Zimenezi amazitcha TDR. Pa intaneti ena amalangiza kutalikitsa masekondiwo mu registry. Chala chinali chitayandikira, koma ndinadzifunsa kuti ndikuchiza matenda kapena ndikungotseka pakamwa wodwala.

Ndinatsegulanso magemu n'kuyang'ana kutentha kwa khadi mu Task Manager: madigiri 88. Ndinazimitsa kompyuta, kuzula pulagi, n'kutsegula chivundikiro. Fumbi la chilimwe chonse linali litaundana pa fani ngati thonje la mu pilo. Ndinalichotsa ndi kaburashi kofewa, nditagwira fani ndi chala kuti isazungulire, ndipo kompyuta ndinaichotsa pansi pa tebulo pamene inatsamira khoma.

Chinanso ndinachiyambitsa ndekha Lamulungu lija losintha zinthu khumi. Ndinali nditazimitsa VSync n'kuika Max Framerate pa Unlimited. Gemu iliyonse inkajambula zithunzi zochuluka mmene ingathere, pamene monita ndi TV zimaonetsa 60 zokha pa sekondi. Khadi linkathamanga liwiro lopanda kopita, kawiri. Ndaika zonse pa 60. Kutentha kwatsikira m'ma 70, ndipo mpaka madzulo sikirini sizinadenso.

Madzulo omwewo mwana wa aneba, amene ali ndi akaunti yake, anapempha kulowa nawo. Ndinayesa gemu yachitatu. Khadi lisanadandaule n'komwe, RAM ya 8 GB inadzaza, hard disk n'kufika pa 100%, mausi n'kumayenda ngati nkhono. Apa palibe settings zimene zingathandize. Ndawauza kuti azisinthana.

Lamulungu, 20 Okutobala

Ndawerenganso kope lonse kuyambira tsamba loyamba. Pa 5 Okutobala ndinalemba kuti khadi lafa. Mavuto amene ndinkawaona ngati amodzi anali asanu ndi awiri, ndipo palibe ngakhale limodzi limene linali kufa kwa khadi. Awiri anali ma resource pack a mwana, ena onse anali anga: F11, foda imodzi, kebulo yosomekedwa polakwika, timaskulu tosamanga, ndi fumbi pamodzi ndi liwiro lopanda malire. Ndikanagula khadi latsopano, ambiri mwa mavutowa ndikanasamuka nawo. Wondigulitsa uja ndinamunenera zoipa mumtima kawiri konse, ndipo mwayi wake ndi wakuti sanamve.

Sizinathe zonse. Anyamatawa akathamangira kumalo atsopano nthawi imodzi, gemu ya pa monita, imene imasunga dziko lawo kudzera pa Open to LAN, imadodomabe masekondi angapo. Mzere wa GPU umakhala phee, wa CPU ndiwo umakwera. Ndaulemba pa tsamba latsopano, ndipo sabata ino ndiyesa kutsitsa Simulation Distance yokha, osakhudza china chilichonse.

Masana ano ndili pakhonde ndinamva wamng'ono akuti madzi a m'nyanja yake akuoneka achilendo. Ndinadikira kuti andiitane. M'malo mwake ndinamva wamkulu akumuuza kuti, "Iwe, dina F2 kaye. Ukatero titseke yangayi, tione ngati zikuchitikabe." Nditalowa ndinapeza atatsegula kope langa, akulemba deti pamwamba pa tsamba ndi pensulo yake ya kusukulu.