Kaunjika wa kwa Kanduku

Amayi anzanga, mukafika kwa Kanduku ku Mwanza, kwao kwa manachesi, taimani pa mulu wa kaunjika. Muluwo susankha: buluku, diresi ndi jekete zagona pamodzi. Lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala buluku, koma linathetsedwa mu 1993. Alipo ana athu ena amene mtima wao umafuna kuvala chachimuna lero, chachikazi maŵa. Ndalama zikachepa, malaya amodzi, buluku wochepetsa kwa telala ndi chitenje chimodzi zimakwanira: kumanga chitenjecho kapena kuchimasula, basi wasintha. Mu 2012 mavenda anavula akazi ovala mabuluku ku Lilongwe. Mwana wotere mukamuona pamsika, mtetezeni, kuti manyazi aja asafike kwathu kuno.