Shuga wa Mdima ndi mawondo a amayi

Ndikanakhala kwathu ku Ntcheu, nkhani iyi sindikanayerekeza kuikamba pagulu. Kwathu mphaka ntchito yake ndi kugwira makoswe, ndipo akakhala wakuda anthu amamuyang'ana ndi diso lina. Koma kuno ku Erdington, mphaka wakuda dzina lake Mdima ndi amene anawo amayamba kumupatsa moni akaweruka kusukulu, ine pambuyo.

Chaka chatha Mdima anayamba kumwa madzi ngati wachokera kudimba, kukodza pafupipafupi, kudya kwambiri koma akuwonda. Dokotala wa ziweto atamuyeza anati ndi shuga. Ndinaseka, poganiza kuti akundinamiza. Sikunali kuseka ayi. Kuyambira tsiku limenelo ndimamubaya insulini kawiri pa tsiku, 7 koloko m'mawa ndi 7 koloko madzulo, ndipo ndinaphunzira kutenga kadontho ka magazi kukhutu kwake n'kuyeza pa kamakina. Chakudya chouma tinasiya, tinayamba chofewa cha m'zitini chomwe chimakhala ndi sitachi yochepa. Manambala anakhazikika cha pa 9 mpaka 12.

Kenako anasiya kudumphira pawindo pomwe ankakonda kuonera mabasi. Masitepe ankakwera imodziimodzi ngati gogo. Mnzanga wina kuntchito anati galu wake anathandizidwa ndi glucosamine. Usiku womwewo ndinaitanitsa pa intaneti paketi ya timibulu tofewa totafuna, osafunsa dokotala. Ndinkathawa ndalama yokaonanira naye, ndisaname.

Patatha masabata awiri kamakina kanaonetsa 18. Mawa lake 19. Mtima unagunda. Ndinayang'ana dzina la mankhwalawo, "gluco" poyambirira pomwe, ndipo ndinati basi, ndamupha ndekha mphaka wa ana.

Dokotala anandiuza ndibweretse paketiyo. Iye anaitembenuza n'kuwerenga tizilembo takumbuyo, zomwe ine sindinachite. Pakati pa zosakaniza panali manyuchi ndi ufa, zoikamo kuti timibuluto tikome komanso tigwirane. Anandifotokozera kuti glucosamine ndi wa m'gulu la shuga ndithu, ndipo nthawi zambiri amapangidwa kuchokera ku zigoba za nkhanu, koma mwa anthu omwa mlingo wamba kafukufuku wambiri sanapeze kuti amakweza shuga m'magazi moonekera. Pa amphaka kafukufuku ndi wochepa, n'chifukwa chake mphaka wa shuga akayamba chilichonse chatsopano ayenera kuyezedwa pafupipafupi. Anawonjezera kuti ululu ndi mantha pazokha zimakweza shuga wa mphaka.

Kenako anandifunsa ngati pali chinanso chomwe ndinasintha. Ndinaweramitsa mutu. Mdima ankakana timibuluto, ndiye ndinkamunyengerera ndi timabisiketi touma tomwe tinamuletsa kale. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo tsiku lililonse ndimauza anthu kuti posaka vuto musinthe chinthu chimodzi kenako muone. Kunyumba kwanga ndinasintha ziwiri nthawi imodzi, osalemba paliponse.

Anamuyendetsanso pansi n'kumayang'ana miyendo yakumbuyo. Anati mphaka wa shuga akamaponda ndi chidendene chonse m'malo moyenda ndi zala, nthawi zambiri ndi misempha yomwe yawonongeka ndi shuga, ndipo mankhwala a mafupa sangathandize. Mdima iye sankatero. Lake linali vuto la nyamakazi. Tinagwirizana mafuta a nsomba a omega-3 othira pachakudya, komanso jakisoni wa Solensia kamodzi pamwezi woletsa ululu. Anandichenjeza zinthu ziwiri: mankhwala a steroid monga prednisolone amakweza shuga kwambiri, ndipo paracetamol, Panado yemweyu timamudalira kwathu, ndi poizoni kwa mphaka ngakhale kachidutswa kochepa. Timibulu ndi mabisiketi zinapita mu bini. Mwezi usanathe manambala anatsikanso.

Chomwe chinandisowetsa tulo si mphakayo ayi. Amayi anga nawonso ali ndi shuga, ndipo mawondo amawavuta. Ine ndimadziwa nambala ya Mdima m'mawa uliwonse, koma ya amayi sindinkaidziwa. Ndinkangotumiza ndalama n'kumati ndachita mbali yanga.

Lamlungu ndinawaimbira pa WhatsApp.

"Amayi, za mawondo zija mukumwa chiyani?"

"Pali botolo lina anandigulira mlongo wako kumsika. Limathandizatu."

"Tandiwerengereni zomwe zalembedwa kumbuyoko."

"Iii, tizilembo timeneti ndi maso angawa? Wayamba udokotala liti iwe?"

Nditawafotokozera za Mdima anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye mphaka ali ndi dokotala wakewake? Ku Mangalande kuli zinthu!" Koma anavomera kuti botololo apita nalo kuchipatala tsiku lawo la sikelo ya shuga, akalionetse asanamwenso. Mlongo wanga anajambula kumbuyo kwake n'kunditumizira.

Pafiriji pathu pali pepala lomwe ndimalembapo manambala a Mdima. Tsopano lili ndi mizere iwiri. Mzere wachiwiri ndimadzaza Lamlungu lililonse, amayi akandiuza yawo, atatha kufunsa kaye kuti mphaka wadzuka bwanji.