Windows 10 yatha, nanga laputopu ya malume ilowe chipani chiti?

Anzanga a pa msika, makamaka inu amene muli ndi kalaputopu pansi pa kauntala kolembamo ngongole ndi katundu wa mu shopu, tcherani khutu. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10. Makina sadazime ayi, akuyakabe ngati kale, koma zigamba zotseka mipata yolowera mbava ndi mavairasi zidaleka kubwera, kupatula kwa okhawo amene adalembetsa chaka chimodzi choonjezera chothera mu Okutobala 2026. Ati tonse tisamukire ku Windows 11. Koma Windows 11 imasankha nyumba yolowamo. Imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopano, monga ya Intel ya m'badwo wa nambala 8 kupita m'tsogolo, ndiye kuti makina opangidwa kumapeto kwa 2017 kubwera kuno. Nanga malaputopu athu a kaunjika ochokera ku Joni ndi ku Dubai aja? Ambiri amene ine ndawagwirapo kuno ku Kasungu ndi akale kuposa pamenepo. Yatsopano ndiye osanena, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake timangoyiwerenga pa galasi n'kudutsa.

Ine nkhaniyi idandipeza kudzera mwa malume anga. Ali ndi golosale cha ku Chamama, ndipo aliyense wochita geni m'dera la fodya akudziwa mmene malonda amayendera kumeneko. Kuyambira Januwale mpaka Malichi anthu alibe ndalama. Akubwera kudzatenga sopo, mchere, mafuta ophikira, nthawi zina thumba la feteleza wobereketsa, onse mawu ake amodzi: "Tidzakuonani fodya akatuluka." Fodya ali m'chigafa, kenako pa jeke, kenako mabelo adikire galimoto yopita ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Ndalama ikamafika m'manja mwa mlimi ndi Meyi kapena Juni. Miyezi yonseyo chuma cha mwini golosale sichili pa shelefu, chili m'buku la ngongole. Bukulo likasowa, mpamba wapita.

Malume adatopa ndi makope onyowa ndi mvula ndi odyedwa ndi chiswe, ndiye adagula laputopu ya kaunjika. Mnyamata wina wobena nyimbo pa boma adawaikiramo Windows yosagula, ija timaidziwa tonse. Tsiku lina fulashi ya munthu wina italowamo, mafayilo onse adasanduka timivi topanda kanthu. Munali maina a angongole a miyezi itatu. Tidawapulumutsa, koma usiku umenewo malume sadadye nsima. Adangoti: "Mphwanga, undipezere china choti chisamadwaledwale, apo ayi ndibwerere ku kope."

Chinacho ndi Linux. Adaiyamba mu 1991 ndi mnyamata wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, dzina lake Linus Torvalds. Siigulidwa, ndipo lamulo lake limalola aliyense kuikopera, kuisintha ndi kugawira mnzake. Malume ndidawafotokozera ndi chimanga. Mbewu ya haibulidi mumagula chaka ndi chaka kwa eni ake, pomwe ya makolo mumasunga nokha pa tsindwi, mnzanu akapempha mumamutapira popanda wokuopsezani. Musaganize kuti ndi zachilendo m'dziko muno. Foni ya Android ili m'thumba mwanumo mtima wake ndi Linux, ndipo makompyuta ogwira pa galasi amene bungwe la Baobab Health lidaika m'zipatala, kuyambira pa Kamuzu Central ku Lilongwe, ankayendera mapulogalamu aulere omwewa.

Vuto ndi lakuti poti aliyense ali ndi ufulu wophika yake, mitundu ya Linux ilipo mazanamazana. Nditatchula Ubuntu, Mint, Debian ndi Fedora, malume adaseka nati: "Ndiye kuti ndi matipate a makompyuta?" Sadaphonye kwenikweni. Debian, kholo la yambiri mwa iyo, idayambika mu Ogasiti 1993, patangopita miyezi iwiri Amalawi atavotera nyali pa referendamu ya pa 14 Juni. Ife a zaka za m'ma 20 za nyali ndi tambala wakuda timangomva kwa makolo, koma mutu wosankha pakati pa zipani zonena zofanana timaudziwa bwino.

Tiyambe ndi Ubuntu poti ndiye wotchuka. Adaiyambitsa ndi mpondamatiki wa ku South Africa, Mark Shuttleworth, kudzera mu kampani yake ya Canonical, ndipo yoyamba idatuluka mu Okutobala 2004. Dzinalo ndi lomwe ife timati umunthu. Achikulire amene adadutsa m'makoleji zaka zimenezo amakumbukira kuti kampaniyo inkatumiza ma CD aulere pa positi kwa aliyense wopempha, mpaka idasiya mu 2011. Zaka ziwiri zilizonse mu Epulo imatulutsa mtundu wokhalitsa, wolembedwa LTS, umene umasamaliridwa zaka 5. Ubwino wake waukulu ndi wakuti ikavuta, yankho limapezeka msanga chifukwa anthu oigwiritsa ntchito ndi ochuluka. Koma onani kulemera kwake. Ya 24.04, yotuluka mu 2024, kuti muikopere pa intaneti ndi pafupifupi 6 GB, ndipo eni ake amati makina akhale ndi RAM yosachepera 4 GB. Werengani nokha bandulo ya 6 GB ndi mabotolo angati a mafuta ophikira. Komanso maonekedwe ake ndi ena. Zizindikiro zimandandalikana kumanzere kwa sikirini, ndipo munthu wozolowera kudina pakona ya pansi amayamba wasochera kaye. Kwa wachinyamata ndi nkhani ya tsiku limodzi. Kwa bambo wa zaka zopitirira 50 amene akufuna kulemba ngongole kasitomala ali chiimire, ndi nkhani ina.

Fedora sinditayirapo nthawi. Ndi yabwino, yokongola, kumbuyo kwake kuli kampani ya Red Hat ya ku America, koma imatulutsa mtundu watsopano miyezi 6 iliyonse ndipo uliwonse umasamaliridwa pafupifupi miyezi 13 basi. Imeneyo ndi ya anzathu okhala mu ofesi ya intaneti yosawerengera. Wa golosale ku Santhe kapena ku Nkhamenya aisiye.

Debian ndiye imandisangalatsa mumtima. Ilibe mwini, ilibe kampani. Oikonza ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana, ndipo chaka chilichonse amachita chisankho cha mtsogoleri wawo. Eti chaka chilichonse! Andale athu akadamva zimenezi bwenzi atadwala mutu. Siithamangira za fashoni, imatulutsa mtundu watsopano pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, monga wa nambala 13 wa mu Ogasiti 2025, ndipo ikakhazikika yakhazikika ngati ngolo ya ng'ombe. Ubuntu yomweyo idamangidwa pamwamba pa Debian. Koma imafuna munthu wodziwako pang'ono, wosaopa kulemba malamulo pa sikirini yakuda. Ndipo amene muli ndi makina akalekale a 32-bit dziwani kuti Debian 13 idawasiya panjira, Ubuntu ndiye idawasiya kalekale. Otero ayang'ane ku timitundu tating'ono ngati antiX.

Voti yanga idapita kwa Linux Mint, ndipo sindikubisa. Adaiyamba mu 2006 ndi Mfalansa wina, Clément Lefèbvre. Adatenga Ubuntu, n'kuchotsamo zokometsera zina, n'kuikonza kuti munthu wochokera ku Windows asaone ngati wafika kwa eni. Menyu ili pakona ya pansi kumanzere, wotchi pansi kumanja, mafoda ali pomwe mumawayembekezera. Kukopera kwake ndi pafupifupi 3 GB, theka la Ubuntu, ndipo imayenda ngakhale pa RAM ya 2 GB, chingakhale kuti pa 4 GB ndiye imapuma bwino. Ili ndi zovala zitatu: Cinnamon, MATE ndi Xfce. Ya Xfce ndiye yopepuka, ndi imene ndidawaikira malume. Mtundu wa 22, wotuluka mu 2024, eni ake adalonjeza kuusamalira mpaka 2029.

Pali tinthu tiwiri mu Mint timene wogulitsa pa msika angatiyamikire kuposa wophunzira za makompyuta. Koyamba, siyamba yokha kukoka zigamba pa intaneti. Imangoonetsa kachishango pansipo kukudziwitsani kuti zilipo, inu n'kusankha tsiku lomwe mwagula bandulo. Kachiwiri ndi Timeshift, kapulogalamu kamene kamasunga chithunzi cha mmene makina alili lero, kuti mawa mwana akaseweretsa n'kusokoneza, mubwerere pa dzulo. Koma chenjerani, kameneka kamateteza mapulogalamu, osati mafayilo anu. Buku la ngongole muzilikopera nokha pa fulashi Loweruka lililonse, fulashiyo izigona kunyumba, osati mu shopu momwe muli laputopu. Wakuba akathyola chitseko safunsa kuti muli Windows kapena Linux.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku mitundu yonseyi ndi pachibale. Firefox ilimo, WhatsApp ndi Facebook mumatsekula pa intaneti ngati kale, nyimbo ndi mafilimu zimalira. M'malo mwa Word ndi Excel muli LibreOffice, yomwe mu Mint imabwera ili kale m'kati, ndipo imatsekula mafayilo anu akale. Fayilo ya malume ya ngongole idatsekuka bwinobwino, masamu ake onse ali m'malo. Kavairasi kosandutsa mafayilo timivi kaja ndi ka Windows, pa Linux sikadzuka. Ukalowetsa fulashi yodwala umangokaona kali gone ngati nkhupakupa yakufa, n'kukafufuta.

Tsono ndisakhale ngati wa kampeni wolonjeza milatho kopanda mtsinje. Alipo ena amene ndingawauze kuti asasamuke, kapena asasamuke lero. Inu opanga makadi a ukwati, a chinkhoswe ndi mapulogalamu a maliro pa CorelDRAW kapena Photoshop, mapulogalamu amenewo alibe mtundu wa Linux. Zilipo zolowa m'malo, Inkscape ndi GIMP, zaulere, koma dzanja lozolowera limachedwa kuphunzira, ndipo kasitomala wa maliro sadikira. Inu otayipa makalata ndi ma CV, dziwani kuti chikalata chokongoletsedwa kwambiri mu Word nthawi zina chimasuntha mizere chikatsekulidwa mu LibreOffice, ndiye muzichiona kaye musanapulinte. Pulinta nayo ndi nkhani. Zambiri zimangogwira mukalumikiza, makamaka za HP zomwe kampani yake imapereka yokha madiraiva a Linux, koma zina zimafuna kunyengerera. Mwayi wake ndi wakuti mitundu yonseyi imatha kuyaka kuchokera pa fulashi osakhudza chilichonse m'makina mwanu. Yatsani choncho, lumikizani pulinta, yesani Wi-Fi, imbani nyimbo. Zikakana, zulani fulashi, Windows yanu ili pomwepo. Ngakhale nsapato ya kaunjika timayamba tayesa.

Koma chimene chidandipangitsa kusankha Mint kuposa Debian wanga wokondedwa si RAM kapena bandulo. Ndi funso lakuti makina akavuta ine ndili ku Lilongwe kusaka nkhani, malume athamangire kwa yani? Anyamata okonza makompyuta m'misika yathu ambiri adaphunzira mankhwala amodzi okha, kufomata. Kompyuta ikuchedwa, fomata. Siikulira, fomata. Akaona sikirini yachilendo sachedwa n'komwe, amati "bwana, iyi yalowa vairasi," n'kupukuta zonse pamodzi ndi ngongole za mudzi wathunthu. Mint ndi Ubuntu poti ndi mtundu umodzi, malangizo a imodzi kawirikawiri amagwiranso pa inzake, ndipo mnyamata wofuna kuphunzira atha kupeza yankho pa foni yake pomwepo. Wina angati ana a kumudzi sangazithe. Ameneyo akafunse ku Wimbe, m'boma lomwe lino, kumene William Kamkwamba ali ndi zaka 14 adamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi buku la mu laibulale. Amene angayambe kuika Mint m'malaputopu a kaunjika pa msika wa Kasungu, n'kumalipiritsa ntchito ya manja ake yokha, sadzasowa makasitomala, chifukwa makina okanidwa ndi Windows 11 ali mbwee.

Mwana wa malume wa Fomu 3 ndidamuphunzitsa zinthu zitatu: kudina kachishango kaja bandulo ikakhalapo, kukopera fayilo ya ngongole pa fulashi, ndi kundiimbira foni asanapereke makina kwa wina aliyense. Chachitatucho malume sadachikhulupirire kuti mwana angachikumbukire. Adadula kachikatoni ka sopo, n'kulembapo ndi maka yofiira kuti OSAFOMATA, n'kumata ndi selotepi pa chivundikiro cha laputopu, nambala yanga ili pansi pake.