Kulembera mlangizi wa zamaganizo tsamba lake

Ntchito yanga ndi kulembera anthu mawu oti adziwike nawo. Ndinayamba ndi penti ndi burashi, kulemba mayina pa zipupa za magolosale a pa Kamuzu Road ku Salima ndi pa maboti a asodzi ku Senga Bay. Mafoni atachuluka, eni malo ogona alendo anayamba kundituma kuti ndiziwakonzera masamba a Facebook. Amenewo savuta. Ukajambula mchenga, chilumba cha Namalenje chikuonekera pakati pa madzi, chambo chili pa mbale, alendo a ku Lilongwe amaimba okha pofika Lachisanu. Imene imanditulutsa thukuta ndi ntchito ya alangizi a zamaganizo, anthu amene anaphunzira kukhala pansi ndi munthu wosweka mtima n'kumuthandiza pokambirana.

Mlangizi akamabwera kwa ine amanyamula masetifiketi ake. Ena anaphunzira ku koleji ya St John of God ku Mzuzu, ndipo amafuna zimenezo zikhale pamwamba penipeni, m'Chingerezi. Ndimawalandira ndi manja awiri, kenako ndimafunsa: "Kodi achimwene, amene adzawerenge tsambali adzakhala ali pati, nthawi yanji?"

Yankho timalipeza tonse. Ndi msodzi amene ngongole ya injini yamukhala pakhosi, mwera wawomba masiku angapo osalowa m'nyanja. Ndi mayi wogula usipa amene ndalama za banki mkhonde zamuthera m'manja, anzake akumudikira Loweruka. Ndi mnyamata amene wabetcha malipiro a mwezi wonse, kapena bambo amene madzi a nyanja atakwera mu 2024 analowa m'zipinda zake zogonetsa alendo. Onsewa amawerenga usiku, tulo titawathawa, mayunitsi ali pafupi kutha. Munthu wotere safuna kudziwa dzina la dipuloma. Ali ndi mantha, ndipo tsamba lonse ndimalilemba kuti liyankhe manthawo limodzi limodzi.

Mzere woyamba umatchula vuto monga mwini wake amalitchulira kunyumba: kuganiza kwambiri, kusowa tulo, mtima kuthamanga, kupsa mtima ndi ana popanda chifukwa, kumwa mowa pofuna kuiwala. Mawu oti misala sindiwalola kufika pafupi. Kwa zaka zambiri anthu akamva za matenda a maganizo amaganiza za chipatala cha ku Zomba, ndipo wongovutika ndi ngongole kapena maliro amati zimenezo si zake. Ndimaonjezanso chiganizo chachifupi chonena kuti kuno sikuyezedwa magazi, chifukwa ambiri uphungu anaudziwira m'kachipinda koyezera HIV, ndiye amaopa kuti owaona akulowa adzawaganizira zimenezo.

Chachiwiri ndi chinsinsi. Pa doko nkhani imayenda msanga kuposa usipa wa m'mawa, ndipo aliyense ndi mlamu wa winawake. Kungolemba kuti "timasunga chinsinsi" sikukwanira, popeza aliyense amatero. Ndimamufunsa mlangizi kuti andiuze zenizeni: kodi zolemba zake amazisunga kuti, foni imene anthu amatumizako uthenga amaigwiranso ndani, nanga akakumana ndi munthuyo pa msika amamupatsa moni kapena amadikira kuti ayambe yekha? Mayankho amenewo ndi amene amalowa pa tsamba. Timanenanso poyera malire ake, kuti ngati moyo wa munthu kapena wa mwana uli pa ngozi, mlangizi sangakhale chete.

Kenako mtengo. Alangizi ambiri amachita manyazi kuutchula, amati tilembe kuti tidzakambirana. Ine ndimakana. Munthu amene ali kale ndi katapila sangaimbe foni kumalo kumene sakudziwa kuti adzalipira zingati. Timalemba ndalama yake, kutalika kwa nthawi yokambirana, ndi kuti angathe kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Timalembanso zilankhulo. M'mbali mwa nyanja muno muli Achewa, Ayao ndi Atonga amene anabwera ndi usodzi, ndipo munthu amalira bwino m'chilankhulo cha amayi ake. Ngati mlangizi ndi wopemphera, timanena kuti wa ku tchalitchi ndi wa ku mzikiti amalandiridwa chimodzimodzi, ndi kuti palibe adzamuletse kupita kwa abusa kapena kwa ashehe.

Pali anzathu ena amene timalimbirana nawo maso a anthu omwewo. Mapepala a asing'anga ali pa mitengo ya magetsi ponseponse, ndipo masiku ano alowanso pa WhatsApp: kubweza mkazi wothawa, kukwezedwa pa ntchito, kuwina milandu, zonse m'masiku ochepa. Ine monga wolemba ndimawasirira luso lawo, chifukwa amadziwa chimene chikumupweteka munthu ndipo amachitchula mosazungulira. Chimenecho ndimatengerako. Chimene sinditengera ndi lonjezo. Pa tsamba la mlangizi sindilemba kuti mudzachira, kapena kuti banja lanu lidzabwerera. Ndimalemba zimene zidzachitikedi: mudzakhala pansi, mudzafotokoza, sadzakudulani pakamwa, ndipo mudzaona limodzi poyambira. Sindilolanso maumboni a anthu amene anathandizidwa, ngakhale titabisa mayina. M'tauni yaing'ono ngati Salima, ukangoti "mayi wina wamasiye wogulitsa mpunga wa ku Lifuwu", anthu amudziwa kale.

Chithunzi cha mlangizi ndimajambula ndekha, pa mthunzi, nkhope ikuoneka bwino, wopanda magalasi akuda ndi wopanda chovala choyera cha kuchipatala, popeza mlangizi salemba mankhwala. Masetifiketi aja amabwera cha kumapeto, m'mizere iwiri yoona, yoti wina atafuna kufufuza apeze kuti ndi momwemo. Pansi penipeni timaika uthenga umene sufuna kukongoletsa: ngati mukuganiza zodzipha lero, kapena m'bale wanu akumva mawu amene ena sakuwamva, musadikire yankho la pa foni, uzani munthu amene muli naye pafupi ndipo pitani ku chipatala cha boma cha Salima. Tikamaliza, mlangizi amawerenga zonse mokweza ndipo timazijambula mawu, kuti amene kuwerenga kumawavuta amve pa WhatsApp. Pamene lilime lake lapunthwa, pamenepo ndimadziwa kuti ndalemba mawu anga, osati ake, ndiye timasintha.

Tisanasiyane ndimawachenjeza alangizi kuti asakhumudwe poona kuti tsamba lawo palibe akulitamanda poyera. Palibe amene amafuna kuti apongozi ake aone dzina lake pansi pa nkhani zotere. Ngati tsambalo lagwira ntchito, adzalandira uthenga wapadera wonena kuti, "Pepani, ndimafuna ndifunsireko mnzanga wina." Ndimawauza kuti ayankhe za mnzakeyo mwaulemu, asafunse kuti mnzakeyo ndi ndani, ndipo atchule tsiku ndi ola limene ali ndi mpata.