Mamotoka ogona pansi pa mtengo wa mango

Mukamayenda m'misewu ya ku Highridge, ku Luangwa kapena ku Chowa muno mu Kabwe, tasuzumirani m'mipanda. Pakhomo pena mupeza motoka yofunditsidwa tenti pansi pa mtengo wa mango, matayala atayamba kuphwa, masamba atadzaza pagalasi. Kawirikawiri si motoka yachabechabe ayi. Ndi Mark X, Altezza, Subaru ya turbo, pena BMW, zija zimene mnyamata amalota akali kusukulu n'kudzagula atangotenga loni yake yoyamba. Mwini wake ali kumigodi ku Solwezi kapena ku Kalumbila, amabwera kamodzi pa miyezi itatu. Kapena ali konkuno, koma chichotsereni boma sabuside ya mafuta mu Disembala 2021, injini ya V6 inasanduka mlendo wodya kwambiri. Kuntchito amapita pa minibasi, ndipo motoka imangotuluka pa Sondo, kupita kutchalitchi ndi kubwerera.

Pa wailesi yathu ya m'dera, tikaitana makanika kuti adzayankhe mafunso a omvera, funso limodzi silisowa. Munthu amati motoka yake siyenda kwenikweni, chisinthireni oyilo chaka chatha sinakwanitse ngakhale makilomita 2,000, ndipo akasolola kachitsulo koyezera, oyilo akuoneka woyera ngati uchi. Nanga asinthirenji? Funso limeneli si lopusa. Injini ya Mark X imamwa malita pafupifupi 6, ndipo oyilo wabwino pamodzi ndi fyuluta ndi ndalama yoti ingagule unga ndi ndiwo za masiku angapo.

Vuto limayambira pa kakadi kaja kamene amakanika athu amapachika pafupi ndi chiwongolero. Pamalembedwa nambala imodzi yokha, ya makilomita amene sevisi yotsatira idzachitikire, ndiye tonse tinazolowera kuganiza kuti oyilo amatha ndi ulendo basi. Koma buku limene motoka imabwera nalo kuchokera kufakitale limatchula zinthu ziwiri. Mabuku ambiri amati makilomita 10,000 kapena miyezi 12, chimene chayamba kukwana. Kenako pamakhala ndime ina imene ambiri sitifikapo, yonena za motoka yogwira ntchito movutikira: yoyenda m'fumbi, yoyenda timaulendo tifupitifupi, yolira nthawi yaitali ili chiimire. Pamenepo nambala zija zimadulidwa pakati, makilomita 5,000 kapena miyezi 6. Tikayang'ana bwinobwino, ndime imeneyi ikunena za Kabwe. Fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala tikulidziwa, ndipo kuchoka ku Bwacha kufika mtauni ndi ulendo woti injini siitenthera n'komwe.

Tiwerengere pamodzi. Motoka yoyenda makilomita 25 pa sabata imakwanitsa 1,300 pa chaka. Kuti ifike pa 5,000 a pakakadi paja, padutsa zaka pafupifupi zinayi oyilo ali yemweyo.

Chimachitika n'chiyani m'zaka zimenezo? Petulo akamayaka amatulutsa madzi, pafupifupi lita ya madzi pa lita iliyonse ya petulo. Ambiri amatuluka ngati nthunzi ku ekizozi, n'chifukwa chake m'mawa wa mu Juni mumaona utsi woyera ndi timadontho kumbuyo kwa motoka. Koma ena amazembera m'mbali mwa mapisitoni n'kugwera mu oyilo, pamodzi ndi petulo wosapsa, chifukwa injini yozizira imathiridwa petulo wochuluka kuti ilire. Oyilo akatentha mokwanira, kufupi ndi madigiri 100, n'kukhala choncho kwa kanthawi, madziwo ndi petuloyo zimauluka. Akapanda kutentha zimakhalira momwemo. Madzi akasakanikirana ndi zotsalira za utsi amapanga asidi amene amadya zitsulo pang'onopang'ono, petulo amasungunula oyilo n'kukhala wamadzimadzi, ndipo m'kupita kwa nthawi m'njira zopyapyala zodutsa oyilo mumayamba matope akuda. Mukatsegula chivundikiro chothirira oyilo n'kupeza zoyera ngati mkaka wosasa, ndi madzi amenewo. Nthawi zina n'chizindikiro cha gasiketi yopsa, koma pa motoka ya pa Sondo kawirikawiri ndi timaulendo tifupitifupi.

Mamotoka aliwiro ndiwo amamva kuwawa msanga. Injini ya 2.5 ya Mark X imapopera petulo mwachindunji m'silinda, ndipo mainjini otere amadziwika kuti amalowetsa petulo wambiriko mu oyilo akamayenda ozizira. Turbo ya Subaru imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi itayandama pa kaoyilo kopyapyala ngati pepala. Kaoyiloko kakaipa, turbo siichedwa kutsanzika.

Apa m'pamene timasiyana maganizo ndi akuluakulu ambiri osungira ana awo mamotoka. Mwana akamachoka amasiya mawu akuti, "Atate, muziilizako pa Chiweru kuti batire isafe." Mdala amachita mokhulupirika: amaliza mphindi zisanu, kuponda mafuta kawiri katatu kuti aneba amve, n'kuzimitsa. Mphindi zisanuzo n'zokwanira kuthira madzi ndi petulo mu oyilo, koma sizikwanira kuzichotsa. Kuli bwino kumasula waya wa batire n'kuisiya motokayo igone, kapena, chimene ife timakonda, kuitulutsa kawiri pa mwezi pa Great North Road kulowera ku Kapiri Mposhi, iyende mphindi 30 kapena 40 mosaima. Ngati simufuna kulipira pa geti la Manyumbi, tembenukani musanafikepo.

Tsopano za warranty, lonjezo lija la wogulitsa loti chikawonongeka chifukwa cha vuto la kufakitale adzakonza ulere. Pa motoka yatsopano yogula kwa dila, lonjezo lofala ndi la zaka 3 kapena makilomita 100,000, ndipo makampani ena amapitirira pamenepo. Nalonso limawerenga chimene chayamba kukwana, kutanthauza kuti motoka yogona ikudya warranty yake ili pansi pa tenti. Choopsa kwambiri n'chakuti lonjezoli limayendera limodzi ndi buku la sevisi. Injini ikagogoda, kugalaja sayamba ndi kununkhiza oyilo. Amayamba ndi kutsegula buku, kuona zidindo ndi madeti. Akapeza kuti pakati pa chidindo china ndi chinzake padutsa miyezi 20 pamene buku likuti 12, ali ndi poyambira kukana, ngakhale motokayo itayenda makilomita 3,000 okha. Inde, tili ndi CCPC, bungwe loteteza ogula limene limagwira ntchito pansi pa lamulo la mu 2010, ndipo munthu angathe kukadandaula. Koma nakonso adzafuna mapepala, ndipo ndi mlandu wovuta kuwina ngati munasainira nokha kuti mudzatsata buku. Werengani bwino ngati pepalalo likulola sevisi ya kunja kwa dila. Ngati likulola, lisiti lililonse lisungidwe, lolembedwa deti, makilomita, ndi mtundu wa oyilo, kaya ndi 5W-30 kapena 0W-20. Uja wa 20W-50 wopungulira m'botolo pamsika angakhale bwino m'minibasi yakale, koma m'injini yopangidwira oyilo wopyapyala, ndi chifukwa china chokanira.

Pali ena amene amati zonsezi ndi njira ya madila yodyera ndalama, poti oyilo wamakono wa synthetic sawola m'chaka chimodzi ngati motoka siinalire n'komwe. Ali ndi mfundo. Motoka yogoneratu, yosalizidwa, oyilo wake amakalamba pang'onopang'ono kuposa wa motoka ya pa Sondo. Koma warranty siimva zimenezo, imamva kalendala. Ife tinganene kuti amene ali m'warranty asatsutsane ndi buku ngakhale ndi mwezi umodzi. Amene warranty inatha, kamodzi pa chaka, pamodzi ndi fyuluta, n'kokwanira pa motoka yoyenda pang'ono, ndipo nthawi yabwino ndi fumbi likatha, mvula yoyamba itagwa.

Ambiri a ife warranty sitinaionepo n'komwe, chifukwa mamotoka athu ndi akale a ku Japan, olowera pa Nakonde kuchokera ku Dar es Salaam. Pamenepo warranty ndi thumba lako lomwe. Ndipo pogula timakonda kusangalala ndi makilomita ochepa, osafunsa kuti motokayo inagona miyezi ingati kumsika wa ku Japan, m'sitima ndi padoko. Oyilo amene yafika naye sitidziwa zaka zake. Achotsedwe sabata yoyamba.

Oyilo wakaleyo musathire pansi kuseri kwa nyumba kapena m'ngalande. Dothi la Kabwe linalandira kale mtovu wokwanira kuchokera kumgodi umene unatsekedwa mu 1994, ndipo ana athu amaseweretsa dothi lomwelo. Musiyeni kugalaja m'chigubu chotseka. Ndipo makanika akamalemba kakadi kaja, muuzeni kuti pansi pa nambala ya makilomita alembenso mwezi ndi chaka.